Mwana akafinya mwanapiye kapena kugenda galu: zoyenera kuchita wamkulu

Mwanapiye sachedwa kufa m'manja mwa mwana. Nkhuku, monganso mbalame zonse, imapuma poyendetsa fupa la pachifuwa, ndiye dzanja likazinga chifuwacho n'kuthina, mpweya sulowanso. Mwana wa zaka ziwiri amene wagwira mwanapiye mwachisangalalo akhoza kumupha kanthawi kochepa kwambiri, iye akumwetulira, osadziwa n'komwe kuti wachita kanthu. Uyu n'ngosiyana kutalitali ndi mwana wa zaka 8 amene wamanga mphaka ndi chingwe kuseri kwa khola, wadikira kuti akuluakulu achoke, kenako n'kumuthira madzi otentha. Koma m'makomo mwathu ana awiriwa kawirikawiri amalandira yankho lofanana: mwina mkwapulo, mwina kuseka kuja koti "ndi ana awa, adzasiya okha". Mayankho onse awiri amalephera kufunsa chinthu chimodzi chofunika, chakuti zimene mwanayu wachitazi zachokera kuti.

Tiyambe ndi nthawi imene mwamupeza ali mkati mochita.

Musakuwe muli patali. Kukuwa kumadzidzimutsa mwana, ndipo dzanja lodzidzimuka limafinya kwambiri. Galu nayenso akamva phokoso ali kale ndi mantha amatha kuluma. Pitani msanga, gwadani kuti maso anu alingane ndi ake, gwirani dzanja lake pamkono molimba koma osapotokola, ndipo nenani mawu ochepa ndi liwu lotsika: "Siya. Zikumupweteka." Ngati zala zakana kutseguka, musakoke nyamayo, chifukwa mukatero phiko kapena mwendo ndi umene uthyoke. Tsegulani zalazo chimodzichimodzi kuyambira ku chala chaching'ono. Nyama ikamasuka, ichotseni pamalopo. Ulaliki wautali nthawi imeneyi sulowa m'mutu mwa mwana wa zaka zitatu, ndipo ngakhale wamkulupo samva kanthu mtima uli m'mwamba. Zokambirana zidzabwera nonse mutakhazikika.

Kenako yang'anani khungu la mwanayo, manja, nkhope ndi miyendo. Ngati galu kapena mphaka wamuluma kapena kumukanda mpaka kutuluka magazi, ngakhale pang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu. Mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene munthu amaganizira, choncho yang'anani pa foni. Musathire mchere, phulusa kapena mankhwala a zitsamba, ndipo musamange balalo mothina. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za katemera wa chiwewe ndi kafumbata. Bungwe la WHO limati mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, pafupifupi 4 ndi ana osakwana zaka 15, ndipo chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika. Galu woluma uja musamuphe ndi mkwiyo. Mutsekereni pamalo abwino, muzimupatsa chakudya ndi madzi, ndipo mumuyang'anire kwa masiku 10 mogwirizana ndi alangizi a ziweto. Akadwala kapena kufa m'masiku amenewa, auzeni achipatala msanga. Koma kuyang'anira galuyo sikulowa m'malo mwa ulendo wa kuchipatala wa tsiku loyamba lija.

Nyama yovulala imaluma ngakhale mwini wake. Mphaka mufunditseni chitenje kapena thawulo thupi lonse musanamunyamule. Bala laling'ono litsukeni ndi madzi owiritsa amene azizira, theka la lita, mutasungunulamo mchere wa sipuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Pamene papsa ndi moto kapena madzi otentha thiranipo madzi ozizira bwino kwa mphindi zosachepera 10, osapaka mafuta. Mwanapiye wofooka muikeni m'katoni yoboola, pambali pa botolo la madzi ofunda lokulunga m'kansalu, chifukwa sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35. Musamutsanulire madzi kukamwa. Amalowa m'njira ya mpweya n'kumutsamwitsa. Ingoviikani nsonga ya mlomo wake m'madzi kuti amwe yekha. Ndipo chonde musapatse mphaka Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwala amenewa m'thupi, moti m'bulu umodzi ukhoza kumupha. Brufen nayenso amawononga m'mimba ndi impso za galu. Fupa lothyoka, magazi osaleka, kapena kupuma movutikira ndi nkhani ya dokotala wa ziweto: alangizi a ziweto a m'dera lanu, kapena mabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre.

Mwanayo aone zonsezi. Agwire beseni, abweretse kansalu. Apa ndi pamene amaona ndi maso ake kuti chimene dzanja lake lachita chili ndi zotsatira, ndiponso kuti cholakwa chimakonzedwa. Ngati nyamayo yafa, musanene kuti yagona kapena yathawa. Muuzeni kuti yafa, siidzadzukanso, ndipo mukaikwirire limodzi. Ana ambiri amayamba kumvetsa kuti imfa siibwerera ali pakati pa zaka 5 ndi 7, choncho wa zaka zitatu akafunsa mawa lake kuti mwanapiye adzuka liti, sikuti n'ngouma mtima ayi.

Chifukwa chiyani osamukwapula?

Funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa ambiri mwa ife tinaleredwa ndi kamtengo, ndipo kholo limaona ngati likapanda kumenya ndiye kuti lalekerera. Taganizani zimene mwana amatolapo. Iye wapweteka cholengedwa chochepa mphamvu kuposa iye. Munthu wamphamvu kuposa iye wabwera n'kumupweteka. Phunziro limene laonekera ndi lomwe lija limene timafuna kulichotsa, lakuti wamphamvu akakwiya amapweteka wofooka. Chachiwiri, ululu wa mkwapulo umatembenuza maganizo ake onse kuti akhale pa iye mwini, pomwe ife timafuna kuti aganizire ululu wa galu uja. Chachitatu ndi chimene chimavutitsa kwambiri: mwana wokwapulidwa amaphunzira kubisala. Khalidwe limene linali poyera, losavuta kuwongola, limasamukira kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi zina galu yemweyo ndi amene amalipira mkwiyo wa mkwapulowo. Chimodzimodzi kumuluma kapena kumutsina "kuti amve mmene zimawawira". Amamvadi, koma chimene wasunga n'chakuti amayi nawonso amatsina.

Kusamenya sikutanthauza kusalanga. Chilango chogwira ntchito ndi chogwirizana ndi cholakwacho, ndipo chimabwera nthawi yomweyo. Wa zaka ziwiri kapena zitatu mumuchotse pamene pali nyamapo, akhale nanu pamphasa mphindi ziwiri kapena zitatu. Wa zaka 5 kapena 6 mumuuze momveka kuti masiku atatu akubwerawa sagwira kagalu, ndipo pambuyo pake azikagwira pokhapokha inu mulipo. Wagenda nkhuku ya aneba ndi legeni, legeniyo ilandidwe, apite nanu kukapepesa, ndipo ngati pali kulipira nayenso agwireko kantchito kolingana ndi msinkhu wake. Mawu anu aloze pa zimene wachita: "Kukoka mchira kumapweteka, pakhomo pano sitichita zimenezo." Mawu oti "ndiwe wankhanza", "chigawenga", "mtima wako n'ngoipa" amamatirira, ndipo mwana amayamba kukhala chimene akumutchulacho.

Dzanja limaphunzitsidwa

Mwana wosakwana zaka zinayi sasiyanitsa bwino chidole ndi chamoyo, ndiponso sadziwa mphamvu ya dzanja lake. Kumuuza kuti "gwira bwino" sikumuthandiza ngati sanaonepo kugwira bwinoko. Khalani naye pansi, galu kapena mphaka wofatsa ali pambali, ikani dzanja lanu pamwamba pa lake, chikhatho chili chotambasula, ndipo musisite kuchokera paphewa kutsikira kumsana motsatira ubweya. Osati kumutu, osati kumimba, osati kumchira. Sisitani katatu n'kuleka, kenako mufunseni: "Taona, wabwera pafupi kapena wachoka?" Nyama ikachoka, masewera atha, ndipo siithamangitsidwa. Kaleka kameneka n'kamene kamaphunzitsa kuti nyama nayo ili ndi zofuna zake. Mphindi zisanu patsiku zikwanira, koma zibwerezedwe kwa masabata angapo, popeza wa zaka ziwiri amaiwala lamulo akangosangalala.

Mwanapiye agwiridwe mwana atakhala pansi, manja awiri atapanga ngati kambale pamiyendo, osazinga chifuwa, kwa mphindi imodzi basi. Kalulu sanyamulidwa ndi makutu, mphaka sanyamulidwa ndi mchira kapena mwendo, nkhuku siigwiridwa phiko limodzi. Nyama imene ikudya, ikugona, ikuyamwitsa kapena yamangidwa pachingwe isiyidwe, chifukwa yomangidwa ilibe kothawira ndipo chimene yatsala nacho ndi mano.

Muphunzitseninso kuwerenga thupi la galu. Asanalume, galu amanyambita milomo, amayasamula asali ndi tulo, amatembenuzira mutu kumbali, amabisa mchira pakati pa miyendo, kenako thupi limauma gwa, n'kuyamba kudzuma. Galu wodzuma musamumenye. Kudzumako ndi chenjezo, ndipo galu amene wamenyedwa chifukwa chochenjeza, tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Pa msinkhu umenewu udindo ndi wa wamkulu. Mwana wosakwana zaka 5 asasiyidwe yekha ndi nyama, ngakhale galu wofatsa chotani. Thadzi la anapiye likhale m'khola lotseka kapena pansi pa dengu pamene inu muli kudimba, tiana ta galu tikhale pamalo pamene mwana sangafike. Alezi a kusukulu za mkombaphala ndi agogo amene amatsala ndi mwanayo auzidwe lamulo lomwelo, apo ayi mwana amasokonezeka.

Kufunsa

Patapita ola limodzi kapena awiri, mwana wa zaka zinayi kupita m'tsogolo akhoza kufunsidwa. Pewani funso loti "chifukwa chiyani wachita zimenezi?", chifukwa yankho lake limakhala "kaya" kapena bodza. Khalani naye pambali, manja akuchita kanthu, monga kusenda mtedza, ndipo mufunse: "Tandiuza, zinayamba bwanji?" "Unali ndi ndani?" "Unaonapo wina akuchita zoterezi?" "Galuyo ukuganiza kuti anamva bwanji?" Mukafunsa dikirani, musamuyankhire.

Mayankho amasonyeza njira zosiyana. Wina amafuna kuona ngati mphaka amasambira, kapena chimene chili m'mimba mwa chule. Uyu akufunika kuphunzitsidwa ndi kupatsidwa njira ina yokhutitsira chidwi chake. Wina anakakamizidwa ndi anzake okulirapo kuti aonetse kuti si wamantha. Apa nkhani ndi ya gulu lonse ndi makolo awo. Wina amagenda galu aliyense chifukwa analumidwapo kapena amaopsezedwa kuti "ukapanda kudya akuluma galu", ndiye amayamba iyeyo kuukira asanaukiridwe. Wina wayamba kumenya mphaka mwezi womwe pakhomo pabadwa khanda, kapena bambo atachoka, kapena atasamutsidwira kwa achibale. Ameneyu ali ndi mkwiyo umene sangaupereke kwa mwini wake. Muthandizeni kuutchula, "wakwiya chifukwa amayi atanganidwa ndi mwana", mumuonetse kotulutsira, monga kuthamanga, kumenya mpira, kapena kubwera kudzakuuzani, ndipo mumupatse mphindi 10 patsiku zakezake zimene palibe wina akulanda.

Zimene pakhomo pamaphunzitsa popanda mawu

Mbali iyi ndi yowawa kwa akuluakulu, koma siingalumphidwe. Mwana amene amaona galu akumenyedwa chidendene nthawi iliyonse akayandikira pa mkeka wa nsima, mbuzi itamangidwa miyendo yonse panjinga mutu ukulendewera padzuwa, ng'ombe kapena bulu wa pangolo akukwapulidwa pabala, sakuyambitsa chilichonse akatola mwala. Akungochita zimene waona. Simungamuletse kugenda galu inu mukugenda.

Izi sizikutanthauza kuti tileke kudya nkhuku kapena kuti mnyamata wokumba mbewa ndi wosaka mbalame ali ndi vuto. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Frank Ascione, amene anafufuza nkhaniyi zaka zambiri, anafotokoza nkhanza kwa nyama ngati kupweteka mwadala, popanda chifukwa chofunikira, m'njira imene anthu a pamalopo saivomereza. Kupha nkhuku ya ndiwo sikugwera pamenepo. Chimene mwana amaphunzirapo ndi kaphedwe kake: mpeni wonoledwa bwino, nkhuku yogwiridwa modekha, ntchito yofulumira, popanda kuseka kapena kuisiya ikuphupha kuti ana aonerere. Muuzeni poyera kuti timapha kuti tidye, ndipo timachita msanga kuti isavutike. Wa legeni amve lamulo lakuti chimene sudya suponya, ndipo mbalame yolasidwa siisungidwa yamoyo kuti iziseweretsedwa. Kuthothola mapiko a chiwala n'kumachionerera chikuzungulira, kapena kumanga chikumbu ndi ulusi mpaka mwendo kuduka, ambiri amati ndi masewera a ana. Sikuti wochita zimenezi ndi wodwala, komabe mpata wophunzitsira uli pomwepo, ndipo mawu awiri okha akwanira: "Chimasule, chikuvutika."

Palinso nyama zimene timaziphera mantha: kadzidzi, bilimankhwe, mphaka wakuda. Ana akaona akuluakulu akugenda kadzidzi mpaka kufa uku akutukwana, amaphunzira kuti pali zamoyo zina zimene ululu wake suwerengedwa. Kadzidzi amadya makoswe amene amatha chimanga m'nkhokwe, ndipo bilimankhwe alibe ululu wakupha munthu.

Pamene nkhaniyi yakula

Ngati zachitika kawiri kapena katatu mutaphunzitsa kale, yambani kulemba m'kope kwa masabata anayi: tsiku, nyama yake, chimene chinachitika zisanayambe, anali yekha kapena ndi anzake, anabisala kapena ayi, ndipo nkhope yake inali yotani pambuyo pake. Kukumbukira kwa kholo lodandaula kumakulitsa kapena kuchepetsa zinthu, pomwe kope limaonetsa ngati zimachitika Lolemba lililonse akachokera kwinakwake, kapena madzulo alionse pakakhala mkangano m'nyumba.

Musadikire masabata anayiwo ngati mwana wapitirira zaka 6 ndipo akuchita mokonzekera, ndi chingwe, lezala, moto, madzi otentha kapena mankhwala a makoswe, ngati amabisala, ngati amaoneka kuti akusangalala nyama ikulira, ngati amasankha dala chiweto chimene m'bale wake amachikonda kuti amulize, ngati akupwetekanso ana aang'ono kapena kuyatsa moto, kapena ngati amagwira nyama kumaliseche m'njira yofanizira zogonana. Chomalizachi, pa msinkhu ulionse, chimafuna kuti afufuze ngati mwanayo sanachitidwe zoterozo.

Kuyambira 1987, madokotala a matenda a maganizo ku America anaika nkhanza kwa nyama pa mndandanda wa zizindikiro za vuto lalikulu la khalidwe mwa ana, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimaoneka msanga. Koma ndi chizindikiro chimodzi mwa zingapo. Maganizo otchuka a John Macdonald a mu 1963, ogwirizanitsa kukodza pogona, kuyatsa moto ndi kuzunza nyama ndi chiwawa cha munthu akadzakula, sanatsimikizike bwino pa kafukufuku wa pambuyo pake, ndipo ana ambiri amene anavulazapo nyama sakula n'kukhala zigawenga. Chimene kafukufuku waonetsa mobwerezabwereza n'chakuti khalidweli limapezeka kwambiri mwa ana amene akumenyedwa, kugwiriridwa, kapena kuona mayi awo akumenyedwa. Mwana wotere amachitira galu zimene iye akuchitiridwa, nthawi zina ndi mawu omwewo amene amamva. Kuno kwathu funsoli si lakutali: kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi atsikana awiri mwa asanu alionse ndi anyamata awiri mwa atatu alionse anachitidwapo nkhanza zomenyedwa asanafike zaka 18. Choncho wofufuza ayang'ane zipsera pathupi la mwanayo, aone amene mwanayo amamuopa, ndipo akumbukire kuti munthu wozunza ana amatha kupha chiweto pamaso pa mwana pofuna kumutseka pakamwa.

Thupi nalo lisaiwalidwe. Madokotala ku Blantyre anatsatira ana amene anachira malungo okhudza ubongo ndipo anapeza kuti ena amatsala ndi khunyu, kusakhazikika ndi ukali zimene analibe kale. Mwana amene khalidwe lake lasintha atadwala kwambiri, atakomoka, kapena atavulala m'mutu, komanso wochedwa kulankhula kapena wosamva bwino, apite kuchipatala ndipo mufotokoze mbiri yonseyo. Ana otere ndi amene amafulumira kunenedwa kuti aphunzitsidwa ufiti. Kutero kumawonjezera mantha ndi kusalidwa pa mwana amene akuvutika kale, ndipo lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Poyambira ndi pachipatala chapafupi, kumene angakutumizeni kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo pachipatala cha boma, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati mukuganiza kuti mwanayo akuchitidwa nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ku Victim Support Unit ya polisi, kapena ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitidwa nkhanza amene ali m'zipatala zina. Mwana akayamba kuulula, musamupanikize ndi mafunso ambiri kapena kumuika pamaso pa amene wamutchulayo. Mverani, muuzeni kuti wachita bwino kunena, ndipo lembani mawu ake monga mmene wawanenera. Ngati ndi mwana wa aneba, lankhulani ndi makolo ake pambali, munene zimene mwaona ndi tsiku lake popanda kuweruza; akakwiya kapena mukaona kuti mwanayo akukamenyedwa koopsa chifukwa cha zimene mwanenazo, pitani kwa ogwira ntchito yoteteza ana a m'dera lanu.

Pamene mukudikira thandizo, cholakwika chimene makolo ambiri amachita ndi kumupezera kagalu kapena kalulu wakewake poganiza kuti akakhala nako adzaphunzira chikondi. Kwa mwana amene akuvulaza mwadala, uku n'kumupatsa chozunza chatsopano. Chiweto chimene chilipo chisamutsidwire kwa achibale, kapena chizitsekeredwa ndi loko nthawi zonse pamene wamkulu palibe, ndipo mwanayo auzidwe chifukwa chake mosapsa mtima: chapita kumene chingakhale bwino mpaka iye ataphunzira kuchigwira. Machesi, malezala ndi mankhwala a mbewu zikhale pamalo okhoma. Ndipo ngati m'nyumbamo muli khanda kapena mwana wongoyamba kuyenda, lamulo loti asasiyidwe okha awiri ligwire ntchito kuyambira tsiku lomwelo.